Mtima wa Mvumo

Sendererani kuno, musakhale patali ngati alendo.

Panali munthu wina, mmisiri wa matabwa wa kumapiri, amene anakakwatira kuchigwa. Mkazi wake anali woyembekezera, mvula ili pafupi, koma nyumba yawo inalibe denga.

Kwawo mtengo umene ankaudziwa ndi mlombwa. Umenewo umasema kunja koyerako n'kusunga mtima wofiira, poti mphamvu yake ili m'katimo. Koma kuchigwako mlombwa kunalibe. Kunali mivumo yokhayokha, mitengo italiitali ija yopanda nthambi, yonga migwalangwa.

Anagwetsa umodzi, nkhwangwa ikulira ngati ikumenya mwala. Anasema kunja konse, thukuta lili kamukamu, zibanthu zakuda akuponya kumbali. Atafika m'kati, kasemasema anayamba kungolowa yekha.

Mlamu wake anaima poteropo, akumwetulira.

"Alamu, zakudazi mwataya? Nditole?"

"Tolani, mukasonkhere moto."

"Iyayi, ndidikira kaye. Mwina muzifuna."

Mawu amenewo anamusowetsa mtendere mmisiri uja. Anakanikiza chikhadabo pamtanda umene anasemawo, chikhadabo n'kulowa. Anapita pachitsa, nagwada, nayang'anitsitsa. Mizere yozungulira ija ya mlombwa munalibe. Munali timadontho takuda, nsonga za timaulusi tolimba ngati waya. Chakunja tinali tothinana, osasiya mpata. Kulowera m'kati tinkatalikirana, mpaka pakati penipeni panangotsala zofewa ngati nzimbe yotafuna kale.

Anayedzeka mtanda uja pamiyala iwiri n'kuupondapo. Thyo! Anatola chibanthu chachitali chimene anataya, nachiponda chimodzimodzi. Chinangowerama pang'ono n'kubwerera.

"Ha! Alamu, mtengo wanuwu mafupa unavala kunja!"

"Nanga munafunsa?"

Mmisiri uja anatolanso nkhwangwa yake. Anagwetsa mvumo wina, naung'amba m'litali, nakumba mtima wonse n'kutaya, nasunga kunja kuja. Mvula inapeza denga litakwera, mwana n'kubadwira pouma.

Tsono inu, musaganize kuti mmisiriyo anali wopusa. Nzeru yake inali yoona, kungoti inali ya mlombwa. Mukafika pachilendo, manja amathamangira zimene anazolowera. Agwireni kaye. Gwadani pachitsa, muone kuti mphamvu ya kumeneko ili pati, mwina n'chimene mwaponya kumbalicho.

Mukamva kuti wina akupita kuchikamwini kutali, kamuuzeniko nkhaniyi, chonde, asananole kasemasema wake.