Kamba wa Mlonda ndi Kamfuti Koyezera Malungo

Panali munthu wina ku Dedza, mlonda wa pageti pa sitolo yaikulu. Ndinkamudziwa bwino, pajatu kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa palibe munthu amene sindinamwepo naye tiyi.

Nthawi ya mliri uja, mabwana ake anamupatsa kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, kaja kolozetsa pachipumi. Kusukulu sanapondeko, ngati ine ndemwe, koma lamulo lake linali losavuta. Kakayaka kobiriwira, lowani. Kakayaka kofiira n'kulira, bwererani, mukudwala.

Tsiku lina analozetsa kamfutiko pachipumi pa mkazi wake, mongocheza. Kanalira. Mwezi usanathe, mayiyo anamuika m'manda.

Mliri unatha, ntchito inatha, kamfuti anangomusiyira. Pakhomo anatsala awiri, iye ndi kamba amene malemuwo anatola kudimba n'kumamuweta. Kambayo sanali wamasewera. Ndinamuona ndi maso angawa: chigoba chake ngati lichero, moti akamadutsa pabwalo agalu ankamupatsa moni. Mlonda analumbira mumtima kuti uyu yekha samwalira ali m'manja mwake.

M'mawa wina, mwezi wa Juni, anapeza kamba ali pamwala wa kuseri kwa nyumba, akuwothera dzuwa. Analozetsa kamfuti pachigoba. Kofiira! Kanalira monga kanalirira tsiku lija. Anamunyamula, namulowetsa m'nyumba, namuika pafupi ndi mtsuko wa madzi, namufunditsa chiguduli chonyowa, monga timachitira ndi mwana wotentha thupi. Atayezanso, kamfuti kanali chete. Iye anati kamba wachira.

Tsono kuzizira kwa ku Dedza musakumve kwa wina, ndifunseni ine. Chaka china ndinalavula malovu kumeneko, anagwa pansi ngati nsangalabwi, n'kuthyola mwendo wa tambala. M'kuzizira koteroko ndi mmene kamba ankagona, ali m'chiguduli chonyowa.

Kukacha ankakwawira kukhomo kufuna kutuluka. Mlonda ankamubweza. Pomaliza anatchinga khomo ndi thabwa. Kamba anasiya kudya. Anamupatsa nkhwani, ayi. Chisoso, ayi. Papaya lakupsa, sanalinunkhize n'komwe. Maso anatsekeka, mutu unalowa m'chigoba osatulukanso.

Mlongo wake wa mlondayo, a Nazimbiri, anabwera kudzamuona.

"Achimwene, nyama imeneyi mukuizunziranji? Ngati yakukwanani ndipatseni, tomato ndili naye."

"Musaseke, mlongo. Mlamu wanu uja ndinachedwa naye. Uyu sindichedwa naye."

"Nanga bwanji sakudya?"

"Kaya. Koma kamfuti kakuti ali bwino."

"Basitu, kamfutiko kazidya nkhwaniyo."

A Nazimbiri atapita, mlonda ananyamula kamba uja. Anapepuka ngati chikho chouma. Apo anadziwa kuti imfa yalowanso m'nyumba mwake. M'mawa mwake anatenga khasu kuti akakumbiretu kadzenje pansi pa mtengo wa pichesi. Kamba anamuika pakhonde, pakuti sanafune kuti afere mumdima.

Pobwerera anapeza pakhonde palibe kanthu. Kamba anali pabwalo, akudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, kulunjika kumwala uja. Ine ndinaperekezapo nkhono kuchokera pansi mpaka pamwamba pa phiri la Mulanje, koma ulendo womvetsa chisoni ngati umenewo sindinauonepo. Mlonda anatsamiritsa khasu pakhoma. Anati, pakuti akufa kale, akafere pamene akufuna.

Kamba anafika pamwala. Dzuwa linakwera. Patapita nthawi, dzanja la mlonda linapita lokha m'thumba, monga linazolowera. Analozetsa kamfuti. Kofiira, n'kulira!

Anawerama kuti amunyamule. Powerama, chikhatho chake chinagwira mwalawo, ndipo unali wofunda. Anaima. Analozetsa kamfuti pamwala: kofiira. Analozetsa pakhasu limene linali padzuwa: kofiira. Pakhoma la nyumba: kofiiranso.

"Kodi khasu limadwala malungo?" anadzifunsa.

Kamfuti kankalirabe m'dzanja lake, ndipo mtima wonse unkamuuza kuti nyamula, thamanga naye m'nyumba. Iye anaika manja kumbuyo. Anamusiya.

Dzuwa lisanafike pamutu, khosi linatuluka m'chigoba, lamakwinya ngati langali. Diso limodzi linatseguka. Mlonda anasendeza tsamba la nkhwani ndi chala chakuphazi. Kamba analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analuma. Ndinali ku Salima tsiku limenelo, koma kutafuna kwake ndinakumva.

Kambatu alibe moto wakewake m'thupi monga ife. Amachita kubwereka kwa dzuwa, ndipo ukamukwanira amapita yekha pamthunzi. Kuyambira pamenepo mlonda sanalozetsenso kamfuti pachigoba. Ankayeza pansi, kuti aone ngati pabwalo pali malo ofunda ndi malo ozizira, ndipo pakati pa malo awiriwo sankaikapo kanthu kotchinga njira.

Tsono inu amene mukulera ana, inu amene mukusunga nkhalamba pakhomo, mlondayu musamuseke. Sanali wankhanza. Anali munthu amene anaikapo maliro, ndipo mantha a maliro akale ndi amene anatsala pang'ono kukumba manda atsopano. Chimene chinapweteka mmodzi chikhoza kukhala chimene chikusunga mnzake. Mukaona wanu akukwawirabe kumalo amodzimodzi, ngakhale mwamubweza kangati, musafulumire kutseka chitseko. Yambani mwapita kumeneko, mukagwire mwalawo ndi dzanja lanu.