Telala, Mvula ndi Diresi la Mwini

Shopu ya telala inayang'anizana ndi kanyumba kojambulira zithunzi, pakati pali msewu wokha. Mayiyu akadzutsa mutu pa makina osokera, maso ake ankagwera pa windo la tsidyalo, ndipo pa windopo panali chithunzi cha mng'ono wake.

Chinajambulidwa mwangozi chabe. Mng'ono wakeyo, yemwe anali namwino, anaima pakhonde la wojambula kuusa mvula atavala diresi lobiriwira lomwe anam'sokera mkulu wake. Wojambulayo msewu wonse unkamutchula kuti Mwetulirani, poti mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Ataona kuti mvula ikukata ndipo dzuwa latulukira kumbuyo kwa mtsikanayo, anam'gwiritsa ambulera yofiira, kumuimika pa simenti, n'kumutola. Madontho anatuluka akunyezimira ngati mikanda yoduka ulusi. Aliyense wodutsa ankachepetsa liwiro.

Kenako ankawoloka msewu.

"Mundisokere ngati lija avala achemwali anu pa windo paja. Koma mwana ameneyo anaumbidwa m'mawa, dothi lisanaume! Inu ndi iyeyo mimba imodzi?"

"Imodzi. Imani bwino ndikuyeseni," ankayankha telala uku akumangitsa tepi m'chiuno mwa munthu mpaka mwini wake kubanika.

Ntchito inachuluka, koma mtima wa telala sunaione. Iye ankangomva funso lija. Diresi wasoka yekha, maso awawa ndi ake, koma wotamandidwa n'kukhala amene anangolowetsamo mutu! Nsanje ili ngati kamwala mu nsapato: n'kakang'ono, koma ulendo wonse umangoganiza za iko.

Pa msomali wa m'shopumo panali diresi la ukwati la mphunzitsi wina, loyera mbee, la lesi pachifuwa ndi mchira wokwekwereza pansi. Linali litatha, likungodikira mwini wake adzaliyese. Telala anali asanasokepo chinthu chokongola chotero, ndipo tsoka lake, thupi lake ndi la mphunzitsiyo zinali zofanana. Analiyang'ana, anayang'ana pa windo paja, n'kuwoloka msewu.

"Mwetulirani, mvula ikagwanso mundijambule. Chithunzi changa chikhale pa windo, ndipo chikule kuposa icho."

"Palibe vuto, mayi. Koma mvula yojambulira ndi ya mawawa, ikamapita. Inu muime pa simenti, ine ndikhale pansi pa denga ndi kamera yanga."

"Pa simenti anaimapo kale wina. Ine ndikufuna pabwalo paja, pansi pa mtengo. Ndipo mvula ikhale mvula, osati malovu."

"Pabwalo paja ndi katondo, mayi. Akanyowa amameza nsapato."

"Ndabwera kwa wojambula kapena kwa mlimi?"

Mwetulirani anangokweza mapewa. Kasitomala ndi kasitomala.

Kuyambira tsikulo telala anasanduka wolondera mitambo. Dzuwa likawala ankalitukwana. Kukachita mdima pang'ono, phazi linkachoka pa chopondera. Tsiku lina masana kunada bii, mphepo inayamba kuulutsa mapepala mumsewu, ndipo iye anatseka shopu. Anavala diresi la mwini, pamwamba jekete la mvula, kuphazi nsapato zagogoda.

Anafika pabwalo mvula itatsika ndi mphamvu. Mwetulirani anali atakulunga kamera m'thumba la pulasitiki, n'kuboola kabowo poonera, ndipo m'khwapa ananyamula thabwa.

"Imani apa, mchira wa diresi muukolekere pa mkono."

"Thabwa la chiyani? Ndine mbuzi yokwera galimoto ine? Nsapato zioneke, mchira ugone pansi monga mwa masokedwe ake."

Anakankhira thabwa kumbali, anavula jekete, anatsegula ambulera. Wojambula anapukuta galasi la kamera lomwe linkachita nthunzi, anagwada, anadikira. Kwa kanthawi kochepa mtambo unang'ambika, kuwala kunagwera kumbuyo kwa mayiyu.

"Mwetulirani!"

Kamera inalira.

"Basi, mayi, ndachigwira. Tiyeni tithawe."

"Chimodzi chokha? Mng'ono wanga uja anapotoza khosi chonchi, akuyang'ana kumbuyo. Nanenso ndipotoze."

Anaponya phazi kumbuyo kuti atembenuke. Gogoda analowa m'katondo mpaka m'kakolo. Anakoka, nsapato inakana, phazi linatuluka lokha. Mphepo inapinda ambulera, mchira wa diresi unamukulunga miyendo, ndipo telala anakhala pansi khu! m'chithaphwi chofiira. Podzuka anagwira pansi ndi manja, ndiye manja omwewo anagwira lesi wa pachifuwa. Mwetulirani anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Kunyumba anachapa mpaka zala kutupa. Sopo anatha, katondo osatha. Anathira mankhwala oyeretsera zovala, lesi n'kusanduka wachikasu, mchira n'kutsala wofiirira ngati tiyi wa mkaka. Mng'ono wake pobwera ku ntchito anam'peza atawerama pa beseni, ndipo sanafunse zambiri. Anapinda manja a yunifolomu n'kugwira mbali inayo.

"Asisi, mukanangonena. Ambulera ija ilipo, Mwetulirani anandipatsa. Ndi diresi lobiriwira lomwe ndikanakubwerekani."

"Ndivale zotsala zako?"

"Zotsala zanga bwanji, poti munasoka ndinu? Aliyense wondiimitsa pa msewu ndimamuuza kuti apite kwa asisi anga, shopu yoyang'anizana ndi windo. Mumayesa anthu onse aja amakutumizirani ndani?"

Telala anangofinya nsalu mwamphamvu mpaka ulusi kulira.

Mphunzitsi anabwera m'mawa mwake ndi azakhali ake kudzayesa diresi. Atapeza shopu yotseka analondola kunyumba, n'kulipeza lili pa chingwe, likudontha. Mtsikanayo sanakalipe. Anagwira mchira uja, anautembenuza, anaona pamene gogoda anaboola.

"Lakwatiwa kale, eti?" anafunsa motsitsa mawu.

Azakhali ndiwo analankhula mokweza, ndipo oyandikana nawo anatuluka ndi matsache m'manja ngati akusesa. Nsalu za operekeza mkwati, zomwe zinali zisanadulidwe, anazitenga tsiku lomwelo kupita nazo kwa telala wina. Sabata isanathe msewu wonse unali utadziwa kuti pa shopu ija chovala chako amayamba wachilawa ndi mwini makina. Amene ankawoloka msewu anayamba kupitirira.

Patapita masiku Mwetulirani analowa m'shopumo ndi envulopu yaikulu. Telala anasolola chithunzi. Chinali chokongola zedi. Mvula inkaoneka ngati nsalu ya siliva kumbuyo kwake, diresi likuwala, nkhope yake ngati ya mtsikana. Cha mng'ono wake sichikanafikapo.

"Ndinalonjeza windo. Ndikachipachike?"

Telala anasuzumira panja. Inali nthawi yoweruka kusukulu, ndipo mphunzitsi uja ankadutsa pa windo lomwelo, monga ankachitira tsiku ndi tsiku, mabuku ali pachifuwa.

"Ayi," anatero telala.

Anatsegula kabati ya pansi pa makina, momwe ankasungamo mabatani ndi zidutswa za nsalu, n'kuikamo chithunzicho chafufumimba. Atadzutsa mutu, mng'ono wake anali pomwe paja pa windo la tsidya, ambulera yofiira m'manja, akumwetulira.

Mitambo anaiitana yekha, ndipo inabwera ndi katundu wake yense. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.