Zipata Ziwiri za Bermet

Bermet anali akusefa mkaka m'khitchini pamene mlamu wake Toktosun analowa ndi nkhani ya chigwa. Khonsolo ya mzinda inali itagula malo onse a kuseri kwa mudzi, kuyambira kumunda wakale wa maapozi mpaka patsinde pa phiri, kuti omanga nyumba zosanja asawameze. Adzakhala malo opumirako aliyense, njerwa osaikapo ngakhale imodzi.

"Zimenezo n'zabwino," anatero Bermet. "Nanga nkhope yagweranji, alamu?"

"Akuti azunguliza mpanda."

Bermet anaika sefa pansi. Pakati pa chigwacho panali njira imene nkhosa zake zinkakwerera kuphiri chisanu chikatha. Chimwalirireni mwamuna wake, nkhosazo ndizo zinali munda wake ndi nkhokwe yake. Njira ina inali yozungulira, ya masiku awiri, m'mphepete mwa msewu wa malole. Naye Toktosun anali ndi ming'oma ya njuchi pakona pa munda wa maapozi, imene mwini malo wakale anamulola kuikapo mongogwirizana pakamwa.

"Lachinayi kuli msonkhano kusukulu. Tikalankhule, alamu."

"Ine? Pamaso pa anthu a mataye? Akandifunsa mapepala ndiyankha chiyani? Malo si athu, Bermet. Khala chete, angatiseke."

"Kusekedwa sikunaphepo nkhosa. Lole ndiyo imapha."

Kumsonkhano Bermet anaimika mkono mpaka unachita dzanzi. Wapampando anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, lero tikumva eni malo okha. Dzina lanu m'kaundula mulibe." Bermet anacheuka kufuna womuthandiza. Toktosun anali kumbuyo kwenikweni, chipewa m'manja, maso pansapato.

Sabata yotsatira kunabwera oyeza malo, nayamba kukhoma zikhomo ndi kumanga zingwe. Bermet anakwera kavalo wake, natsekula khola. Nkhosa zinatsata njira yawo ya masiku onse ngati madzi otsata ngalande. Zingwe zinaduka, zikhomo zinagwa.

"Mayi inu, mwapenga? Tiitana apolisi!" anakuwa mmodzi wa oyezawo.

"Aitaneni, koma abwere ndi galimoto yaikulu, poti mumanga ine ndi nkhosa zomwe. Mukuti awa ndi malo a anthu onse. Nanga ine ndine chiyani, chitsa?"

Apolisi anabweradi. Anamusunga tsiku lathunthu pabenchi, ndipo m'mudzi ena anayamba kunong'onezana kuti mkazi wamasiye wachititsa manyazi mtundu. Bermet mantha anali nawo, pakuti ankadziwa kuti akatsekeredwa kwenikweni, khola lidzatsala lopanda mwini. Koma m'mawa mwake anatsekulanso khola.

Ulendo uno m'galimoto ya khonsolo munatsika mkulu wa ntchitoyo, mayi wachitsikana dzina lake Ainagul, atanyamula mapu. "Amayi, njira mukunenayi pamapu athu palibe."

"Mapu anuwo anadyetsapo nkhosa? Tsekani galimoto, mwana wanga, tiyeni mukaione ndi mapazi."

Anayenda mpaka patsinde pa phiri. Bermet anamuonetsa mkwasa umene ziboda zinakumba kufika m'mawondo, ndi chomwera cha mwala chimene makolo anasema pakasupe. Ainagul anafika ali wefuwefu, zidendene zitatuluka matuza.

"Bwanji palibe anatiuza?"

"Ndinayesa. Anati dzina langa m'kaundula mulibe."

Mpanda unamangidwa ndithu, koma ndi zipata ziwiri zazikulu, china kumudzi china kuphiri, ndipo kalata inatuluka yolola ziweto za m'mudzimo kudutsa pokwera ndi potsika. Aja ankanong'ona ndiwo anayamba kudutsitsa zawo.

Toktosun zake zinayenda mwina. Oyeza malo atafunsa kuti ming'oma ili pakonayo ndi ya yani, iye anali pomwepo, koma anayang'ana kumbali. Bermet anamukoka malaya. "Alamu, yankhani!" Iye anangoti, "Usandiyalutse." Anthu atabalalika anasenza ming'omayo mwakabisira, nakaiika kuseri kwa nyumba yake, pafupi ndi munda wa mbatata umene mwini wake ankapopera mankhwala kawirikawiri. Pofika nyengo yokolola, njuchi zinali mbwee pansi, ming'oma ili zii.

Chaka chotsatira, maapozi atachita maluwa, Bermet akudutsa ndi nkhosa anaona ming'oma yatsopano yopaka utoto pakona pomwe paja. Ana a mumzinda ankathamanga pa udzu, makolo awo atayala nsalu akumwa tiyi. Ainagul anamupatsa moni pachipata.

"Ming'omayo ndi ya bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje," anafotokoza. "Munda wa maapozi wopanda njuchi subala. Tinkafuna mwini wa yakale ija kuti akhale pomwepo, koma sanapezeke. Uyu anabwera yekha kudzapempha."

Bermet anakapeza mlamu wake atakhala pa mng'oma wopanda kanthu, akusema mtengo wa nkhwangwa. Anamuuza zonse osachotsapo mawu. Toktosun anasiya kusema.

"Ndiye kuti akanandilola?"

"Akanakuthokozani kumene."

Toktosun anaika mpeni pansi. Bermet anakwera kavalo kutsata nkhosa zake, zimene zinali zitapitirira kale chipata cha kuphiri. Akulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kudzenje.