Chithunzi Chachiwiri cha Esme

Ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, aliyense ankadziwa lamulo la Esme, telala wa madiresi a ukwati: diresi saliyamikira poona kutsogolo kokha, mkwatibwi atembenuke kaye.

Lolemba lina mvula itagwa, Esme anaterereka pakhonde la shopu yake n'kugwera dzanja lamanja, logwirira sizasi. Pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono panatupa ngati mandasi. Kuchipatala, Wiza, wojambula mafupa, anagoneka chikhathocho patebulo n'kujambula. Esme anasuzumira pakompyuta. Timafupa tinali pamzere ngati mabatani.

"Tsopano imikani dzanja cham'mbali, mama, tijambule chachiwiri," anatero Wiza.

"Chachiwiri cha chiyani? Ndi cha pasipoti? Palibe chathyoka, ndadzionera ndekha."

"Kuthyoka ayi. Koma fupa limatha kuguluka pamalo pake. Mukaliyang'ana pamwamba, limabisala kuseri kwa linzake."

"Achimwene, ine ndili ndi diresi la ukwati wa Loweruka. Makina anuwo aunike ena."

Wiza anamuchonderera mpaka pakhomo, koma Esme sanacheuke. Ngakhale kwa dokotala sanadzereko. Anakulunga dzanjalo ndi kansalu n'kubwerera kuntchito. Pofika Lachitatu zala zitatu zinali zitachita dzanzi, iye n'kumati ndi kuzizira kwa Mzuzu.

Lachinayi mkwatibwi, Tamara, anabwera kudzayesa diresi.

"Landikhala chomene, anti! Ndivule?"

"Iwe, tembenuka kaye. Cholakwika chimabisala m'mbali."

Mawu akewo anamulasa mwini. Anati atole sizasi, zala zinakana, sizasi gwede pansi.

Tsiku lomwelo anabwerera kwa Wiza, nkhope ili gwa.

"Musandiyang'ane choncho. Jambulani m'mbali, kumbuyo, ngakhale kunsi ngati kuliko."

"Yewo, mama. Imikani dzanja."

Chithunzi chachiwiri sichinabise kanthu. Kafupa kamodzi kanali kataguluka n'kupendekeka ngati kapu yotaya tiyi, ndipo kankapanikiza mtsempha wa zala.

"Lolemba tikanakabwezera pamalo mtsempha usanavulale," anatero dokotala. "Tsopano ndi opaleshoni, kenako chikhakha. Za zalazi, sindilonjeza kuti zidzamvanso ngati kale."

Diresi anamaliza ndi telala wa tsidya la msewu, yemwe Esme ankamuseka kuti amasoka matumba. Loweruka Esme anakhala kumbuyo m'tchalitchi, dzanja lili pachifuwa, n'kumayang'ana msoko wa m'mbali wokhota ngati njira ya woledzera. Sanathe kudandaula. Akulu ananena kale: kuona maso a nkhono n'kudekha.