Mutu wa Mbewa ndi Makadi a Enelesi

Khalani pansi ana inu, ndipo iwe pukuta mphunozo. Mwafunsa chifukwa chake zilembo zokongola zimasanduka timabokosi mukazisamutsira pa kompyuta ina. Tcherani khutu.

Kalekale, makompyuta akadali aakulu ngati nkhokwe, onse ankamvana. Zilembo ukazichotsa pa iyi kupita nazo pa iyo, zinkafika zamphumphu, osathyoka ndi mwendo womwe.

Masiku amenewo pa Nathenje panali amisiri awiri a makompyuta, Bizaliele ndi mng'ono wake Zefaniya. Tsiku lina masana anagula mpani wa mbewa. Bizaliele anayambira kumutu, kukutu kukutu! Zefaniya anayambira kumchira.

"Iwe, anakulera ndani? Mbewa amayambira kumutu!"

"Achimwene, kumutu n'kotsirizira. Chokoma sayamba nacho."

"Ukundiphunzitsa kudya ine? Ine amene ndinkakupukuta mamina?"

Anakangana mpaka mbewa zotsala pampani zinachita manyazi. Shopu yawo anaigawa pakati ndi choko, aliyense n'kukaphunzitsa kompyuta yake kadyedwe kake. Pajatu mu kompyuta chilembo chilichonse chimasungidwa ngati nambala, ndipo nambala ili ndi mutu ndi mchira ngati mbewa yomwe. Ya Bizaliele inalumbira kuti iziwerenga kuyambira kumutu, ya Zefaniya kumchira. Iyi ikati 25, iyo imati 52.

Ndiye mlongo wawo Enelesi anapeza banja. Ukwati Loweruka, koma pofika Lachitatu makadi oitanira anthu anali asanatuluke. Bizaliele anamujambulira zilembo zopiringizika ngati kholowa, zokongola moti ntchentche zinkaima kuti ziwerenge. Koma makina osindikizira anali mbali ya Zefaniya. Ananyamula fayilo ya zilembozo, n'kuiolotsa pa mzere wa choko.

Makina aja: gwedegwede, gwedegwede, pepala fwaa! Dzina la mkwati, timabokosi. Tchalitchi, timabokosi. Tsiku lenilenilo, timabokosi tinayi.

Enelesi anagwira m'chiuno. "Kuchimuna akaona mabokosi onsewa, adzati tikuwaitanira maliro! Abwera ndani ku ukwati wanga?"

"Ndi kompyuta ya uyu, imawerenga chammbuyo ngati nkhanu," anatero Bizaliele.

"Ayi chemwali, ndi ya achimwene, ndi youma mutu ngati mwini wake," anayankha Zefaniya.

"Wina agonje basi," anatero Enelesi.

Abale aja anapatsana misana. Ngakhale makompyuta anayang'ana kumbali.

"Chabwino," anatero Enelesi. "Wolondola sindikumufuna, ndikufuna makadi. Achimwene aakulu, pakamwa pa fayilo yanuyo ikanipo chizindikiro chonena kuti mwayambira kumutu. Inu achimwene aang'ono, kompyuta yanu iziyamba yaona chizindikirocho, kenako izitembenuka yokha. Mukakana, mpunga wa pa ukwati wanga mudzangoumva fungo muli kuseri kwa mpanda."

Mpunga, ana inu! Wothira nyama ya mbuzi! Bizaliele anameza malovu, gwii, n'kuika chizindikiro. Zefaniya ananong'oneza kompyuta yake. Lachinayi makadi anatuluka, zilembo zili piringupiringu, ndipo Loweruka anthu anadzaza mpaka ena anakhala m'mitengo.

Koma kugonja, palibe anagonja. Ndi chifukwa chake lero makompyuta akadali mitundu iwiri, odyera kumutu ndi odyera kumchira, ndipo amamvana pokhapokha fayilo ikanena kumene yayambira. Ikapanda kunena, mumalandira timabokosi ta Enelesi. Abale aja nawonso, mpaka pano mbewa sagulira limodzi. Akakumana, mlongo wawo amawapatsa mandasi okhaokha, poti mandasi alibe mutu, alibe mchira.