Fodya wa a Chikalema pa tsiku lawo lomaliza

Ndikulumbira pali manda a malume anga, ana inu, kuti zimene ndinene pano n'zoona zokhazokha. Ndikawonjezera ngakhale liwu limodzi, mphezi indipeze masanasana!

Kumudzi kwathu kunali a Chikalema, mlimi wa fodya wa chingambwe. Kumtundu kwawo mwana wamwamuna akabadwa ankamubzalira mtengo wa mbawa, ndipo tsiku limene mtengowo wagwa, dzuwa likamalowa mwini wakenso ulendo. Zinatero kwa agogo awo, zinateronso kwa bambo awo.

Chaka chimene a Chikalema anakwatira, akazi awo a Nasoko anawaperera fodya wofwenkha, kansupa kudzaza tho! A Chikalema anakatseka n'kukapachika kudenga. "Ameneyu ndi wa tsiku lalikulu," anatero. Mwana woyamba anabadwa, iwo akuti tsikulo silinakule mokwanira. Chimanga chinang'amba nkhokwe, iwo akuti dikirani. Zaka makumi anayi zinatha choncho.

Ndiye m'mawa wina, popanda mphepo ngakhale chiswe, mbawa ija khuu!

A Chikalema anathamangira m'nyumba. Anatsitsa kansupa kaja, kukhuthula, koma kunatuluka kafodya kongokwana kutsina kamodzi. Anadabwa, koma analibe nthawi yofunsa.

"Khalani pamphasa apa, abambo," anatero a Nasoko. "Fwenkhani fodya wanuyo, ticheze. Dzuwa likadali kum'mawa."

"Ticheze? Manda anga mwawaona inu? Ndiyambe ndakonza zonse, ndifwenkhe mtima uli m'malo."

Anapana fodya uja ndi zala ziwiri, dzanja m'mwamba, liwiro kwa adzukulu okumba manda.

"Mukakumbe mozama, anyamata, osati ngati mukubzala mbatata."

"Ifetu sitikumba mwini wake akuyenda," anatero a Mpinganjira, mkulu wa adzukulu. "Koma poti mwadzibweretsa nokha, tagonani apa tikuyezeni."

Anagonadi, dzanja lili m'mwamba, nawayeza ndi bango. Podzuka anakangana nawo kuti bangolo lafupika, mpaka anawayeza katatu. Kuyang'ana kumwamba, dzuwa lili paliwombo. Thukuta kamukamu.

A Nasoko anawalondola. "Ndakuwotcherani chinangwa chija mumachikonda. Tiyeni kunyumba."

"Chidikire!"

Anakhotera kuchitsime kumene amayi ankatunga madzi. "Tayesani kundilira, ndimve."

Amayiwo anayang'anana, kenaka anayamba kubuma.

"Inu a Nankhoma, mukulira ngati mwaponda munga. Bwerezani!"

Atachoka apo anakumbukira kuti khola la mbuzi limathonya. Anakwera n'kuyamba kufolera ndi dzanja limodzi, maso ali kudzuwa. Chithunzithunzi chawo chinali kutalika, kutalika, mpaka chinawoloka msewu.

Pofika pakhomo n'kuti dzuwa litafiira, litatsamira phiri. A Nasoko anali pamphasa pomwe paja, chinangwa chitazizira. A Chikalema anakhala pansi ali wefuwefu, nakweza zala zija kulunjika pamphuno. Kutangotsala pang'onong'ono, kavuluvulu anatulukira kuseri kwa nkhokwe, fyuu! Zala mbee. Mbuzi imene inali pafupi inayamba kuyetsemula, ndipo inayetsemula masiku atatu osapuma.

"Mayo ine!" analira a Chikalema. "Zaka makumi anayi, ndipite osamva n'fungo lomwe?"

A Nasoko anasendera pafupi. "Abambo, ndiulule poti mukupita. Simunadabwe kuti kansupa kanapepuka? Tsiku lobadwa mwana ndinafwenkha. Tsiku la nkhokwe ndinafwenkha. Mukabwerako kumunda muli moyo, ndinkati lalikulu ndi lomweli, n'kutsinako."

A Chikalema anafunsa kuti, "Nanga anali bwanji?"

"Wokoma zedi. Wopera wake ndani?"

Pamenepo bambo aja anaseka mpaka misozi, kuseka koyamba tsiku lonselo. Ananyema chinangwa chozizira chija, chidutswa china kupatsa akazi awo. Anangocheza nthawi yotafuna chidutswa chimodzi basi. Dzuwa linamira, mutu wawo unatsamira phewa la a Nasoko, ndipo sanadzukenso.

Pamaliro, anthu atafunsa chimene chinachitika, a Nasoko anati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo." Mwambi uja unayambira pomwepo.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu: chako chenicheni n'chimene wachilawa kale. Chimene ukusungira tsiku lalikulu chikhoza kupita ndi mphepo chili m'manja mwako momwe. Manda akumba ndi ena, kulira alira ndi ena, koma kukhala pamphasa ndi amene amakukonda palibe angakuchitire.

Za mbuzi yoyetsemula masiku atatu zija, chabwino, ndangoikamo ine. A Chikalema mbuzi zawo zinali kubusa.