Mabotolo Atatu a Nanzunga

Panali mtsikana wina, dzina lake Nanzunga, amene ankakhala m'mudzi wa alimi a matimati, m'mbali mwa kamtsinje kotsika m'phiri. Kutsidya kwa kamtsinjeko kunali mudzi wina, nawonso wa alimi a matimati. Mtsikanayu anali kuyunivesite, kuphunzira za madzi ndi nthaka, ndipo kwawo ankamuseka kuti anapita kutali kukaphunzira matope.

Atabwera kutchuthi anapeza zinthu zitavuta. Mbuzi zikamwa padziwe la kumunsi zinkafa, lero ziwiri, mawa zitatu, thovu lili kukamwa. Anthu anati palibenso wina, ndi a kutsidya athira chiphe, pakuti midzi iwiriyi inkalimbirana dambo kuyambira kale. Mlongo wake, Malizani, anasonkhanitsa anyamata. Ananola zikwanje, napangana zokasenga matimati onse a kutsidya. A kutsidya atamva, nawonso ananola zawo.

Nanzunga anapempha anyamata a kwawo kuti adikire mpaka Loweruka linalo. Malizani anaseka.

"Pitani mukawafunse madziwo, a profesa a matope. Akakuyankhani mudzatiuze."

Mtsikanayo anatenga mabotolo atatu. Loyamba anatunga padziwe pofera mbuzi. Lachiwiri anatunga pamadooko, pamene midzi iwiriyi imawolokera. Lachitatu anakatunga kumtunda, kufupi ndi kasupe. Anawamanga m'chitenje ngati ana obadwa kumene, nakwera minibasi kubwerera kusukulu, kumene mphunzitsi wake anamutsegulira chipinda choyezera zinthu.

Ndipo madzi anayankha. M'botolo la padziwe munali mankhwala opopera mbewu. M'botolo la pamadooko munali ochulukirapo. Koma m'botolo la kumtunda munali ochuluka koposa. Tsono madzi sakwera phiri, amatsika. Kumtundako kunali dimba limodzi lokha, la bambo ake, ndipo Nanzunga anakumbukira mwala wosalala umene iwo ankatsukirapo pampu yawo akamaliza kupopera.

Anayezanso kachiwiri. Anayezanso kachitatu. Madzi sanasinthe mawu.

Apo mtima unamuthawa. Anafunsa mphunzitsi ngati sangangolemba za mabotolo awiri okha, lachitatu n'kulitaya. Mphunzitsiyo anamuyang'ana mwachifundo.

"Mwana wanga, ukabisa lachitatu, awiri otsalawa ndi amene akanole zikwanje."

Lachisanu anafika kwawo, napeza bambo ake kudimba akumangirira matimati ku timitengo. Anagwada, nawawerengera pepala lonse la zimene anapeza m'madzi. Bambowo anafunsa ngati pali wina m'mudzi amene waliona.

"Palibe, bambo. Kung'amba nditha kuling'amba. Koma mawa Malizani akawoloka, sindikudziwa ngati adzabwere ndi miyendo yake."

Bambowo anapitiriza kumangirira matimati.

Loweruka m'mawa anyamata anatsikira kumadooko, ndipo a kutsidya anali atafika kale. Uku zikwanje, uko zikwanje, pakati kamtsinje kakuyenda ngati sikakudziwa kanthu. Nanzunga analowa m'madzi, nakwera pamwala wapakati, nandandalika mabotolo ake atatu. Ananena zonse, mpaka za botolo lachitatu. Wina anakuwa kuti mwanayu amugula a kutsidya. Malizani anamufunsa ngati sukulu imaphunzitsa kugulitsa bambo wako wokubala.

Pomwepo anthu anapatuka. Bambo ake a Nanzunga ankatsika njira, pampu ili kumsana. Anaitula pamchenga, pamaso pa midzi yonse iwiri.

"Mbuzi zanu ndapha ndine, mosadziwa. Mwanayu ndinamutumiza kusukulu kuti akaone zimene maso anga saona. Waona. Musiyeni."

Kenako mkulu wina wa kutsidya anakanda m'mutu, nati nayenso pampu yake amatsukira mumtsinje momwemo. Wina anavomera, winanso anavomera, mbali zonse ziwiri. Mayi wina anaimba nthungululu, ndipo nthungululuyo inawoloka madzi, inabwerera, inawolokanso. Zikwanje zimene zinanoledwa kuti zikhetse mwazi zinakadula mitengo yotchingira kasupe. Midzi iwiri inakumba dzenje limodzi kutali ndi mtsinje, lotsukirapo mapampu. Mbuzi zinaleka kufa. Ndipo Malizani, amene tsikulo anasenza mitengo limodzi ndi a kutsidya, mpaka lero amamutchabe mlongo wake profesa, koma osasekanso.

Abale ndi alongo, ndikuponyereni chilape: ndi nyali yanji imene imayamba yaunika m'nyumba ya mwini wake, isanaunike kwa mnansi? Nyaliyo ndi maphunziro oopa Mulungu. Nkhondo zambiri zimabadwira mu mdima, pamene munthu akuti ndikudziwa, chikhalirecho sanayeze. Mulungu anatipatsa nzeru zofufuzira kuti choonadi chifike pamadooko zikwanje zisanafike. Koma nzeru yosankha mabotolo, yobisa la kwawo n'kuonetsa la eni, imeneyo ndi chikwanje chinanso, chongovala jekete.

Tsono inu amene muli pasukulu, ndi inu amene mukulota zokafika kuyunivesite, pitani, kaphunzireni ngakhale matope. Koma pobwera, mubwere nawo mabotolo onse atatu. Mtendere uli m'botolo lachitatulo.